Sipanala m'chitini cha mabatani

Amuna anga ankagwira ntchito yokonza ndege. Ndikanena choncho anthu amaganiza kuti tinali olemera, kapena kuti ine ndinakwerapo ndege. Ayi ndithu. Tinkakhala nyumba ya lendi ku Area 25, zipinda ziwiri ndi pabalaza, mpopi umodzi mabanja anayi. Iwo ankalawirira kukadikira basi ya kuntchito kumsewu wa tala, ulendo wa ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, ku galaja yaikulu imene ndege imalowamo yonse ndi mapiko omwe. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye za ntchito yawo ndinkadziwa zimene ankandiuza basi, ndi zimene ndinkaona m'beseni pochapa. Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kufala, pamene kumudzi kwathu munthu ankakwera pachulu kuti foni igwire.

Chimene chinkatisunga tonse pakhomo chinali laisensi yawo. Anailembera mayeso zaka zambiri, kulephera, kubwereza, mpaka Mulungu anatichitira chifundo. Laisensiyo inkawalola kusaina ndi kudinda chidindo kuti ntchito yatha bwino, ndege inyamuke. Popanda dzanja la munthu wa laisensi, ndege siinyamuka, ngakhale m'katimo mutakhala nduna.

Malamulo a m'galajamo anali ambiri kuposa a kutchalitchi. Chida chilichonse chinali ndi nambala yozokota pachitsulo, ndiponso malo ake m'bokosi, odulidwa m'siponji molingana ndi maonekedwe ake, kuti chikachoka dzenje lizionekera. Poweruka, anthu awiri ankawerenga zida zonse. Chimodzi chikasowa, ndege imene aigwira tsikulo siichoka mpaka chipezeke, chifukwa kachitsulo koiwalika mu injini kangathe kugwetsa ndege ndi anthu onse. Oyendera a boma ankabwera kudzaona ngati zonsezi zikutsatidwa. Kunkabweranso oyendera akunja, popeza galajayo inkakonza ndi ndege za maiko ena, ndipo eni ake sankalola kuti ndege zawo zigwiridwe pamalo opanda chilolezo chawo.

Nanenso ndinali ndi lamulo langa. Chilichonse chimene ndapeza m'matumba pochapa, kaya bolopeni, kaya kapepala, ndinkachiika pa sosala yoyera pamwamba pa kabati. Chikwatiwireni sindinaphonyepo. Iwo akasowa kanthu sankavutika n'kundifunsa, ankangosuzumira pa sosala.

Maovololo ankachapidwa kuntchito konko, koma mwezi umenewo makina ochapira anali atawonongeka, ndiye Lachisanu lina anabwera ndi ovololo yawo mu jumbo. Loweruka m'mawa iwo atapita kuntchito, ndinaiviika m'beseni. Pofinya mwendo ndinamva kolimba m'kathumba ka pantchafu. Inali sipanala yaing'ono, kutalika ngati chala changa chapakati, yonyezimira ngati supuni yatsopano. Ndinaipukuta kuti ndikaiike pa sosala. Koma mwana wathu wotsiriza, wamkazi wa zaka ziwiri, anali ataiona kale. Analira, anadzigwetsa pansi, anayamba kukoka mpando kuti akwere pa kabati. Mwana ameneyu ankaika chilichonse m'kamwa. Ndinatsegula chitini cha mabatani, n'kuponyamo sipanalayo, n'kukankhira chitinicho pamwamba pa wadiropu. Ndinati madzulo ndiwapatsa.

Ndisanamalize kuyanika, msuweni wanga anafika ndi uthenga woti azakhali anga, amene anandilera, atisiya kumudzi ku Dedza. Ndinabereka mwana, n'kusiyira wamkulu wa Fomu 2 nyumba, n'kunyamuka. Za sipanala zinachokeratu m'mutu. Kumaliro amuna anga sanabwere. Anangotumiza mawu akuti ntchito yawapanikiza, ndipo abale ena anang'ung'udza.

Ndinabwerera Lachitatu masana. Ndinadabwa kuwapeza pakhomo, atakhala pabedi, ndevu zosameta.

"Mwayenda bwanji, mayi? Pepani sindinabwere. Azakhali anagona bwino?"

"Anagona bwino. Nanga inu bambo, nkhope yagwa chonchi bwanji? Mukudwala?"

"Tatsekani chitsekocho."

Anandifotokozera motsitsa mawu. Lachisanu lija anaweruka mochedwa, basi ikuliza hutala panja, ndiye anagwirizana kuti zida awerenga m'mawa. M'mawa mwake, m'bokosi lawo munali dzenje limodzi, la sipanala yaing'ono. Ndege imene anaigwira inali ya dziko loyandikana nalo, ndipo inayenera kunyamuka masana omwewo. Anaiimitsa. Masiku atatu anamasula paliponse pamene anagwirapo, kuunika ndi matochi, kulowetsa timagalasi ndi maginito. Osaipeza. Eni ndege ankangoimba foni.

"Lolemba madzulo akapitawo anabwera nayo m'manja, akuti aipeza kuseri kwa kabati ya mafuta. Nditangoigwira ndinadziwa. Yanga ili ndi kachipsera kukamwa, ndinaigwetsapo pasimenti. Iyi inali yosalala, nambala yake yozokota dzulodzulo, mpaka kukanda chala."

"Ndiye munatani?"

"Anandiyang'ana m'maso. Anati, 'Achimwene, oyendera akunja akubwera pakatha sabata ziwiri. Muno muli mabanja angati? Sainani.' Ndinasaina, mayi. Ndege inapita."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Pano ndilibe kolowera. Ikakhala kuti ili m'ndegemo, anthu amenewo ndawapha ndine. Ikatulukira kwina, ndiye kuti ndinasainira bodza, laisensi yapita. Loweruka ndinathamangira kuno. Ovololo ili pachingwe, m'matumba mulibe. Pa sosala palibe. Ndinadziwa kuti kunyumba kuno kulibe."

Chitini chija chinali pamwamba pa wadiropu, kumbuyo kwa mutu wawo. Ndinkachiona. Pakamwa panga panatseguka ndithu, koma m'makutu munkangomveka mawu awiri aja, laisensi yapita. Ndinaganiza za mwana wa Fomu 2, ndi za nyumba ya eni ake imene tinkagonamo. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chakuti, "Tiyeni tipemphere." Ambuye andikhululukire, tsiku limenelo ndinabisala kuseri kwa pemphero.

Ndinadziuza kuti ndidikira oyendera abwere, apite, kenako ndiwapatsa. Sabata ziwiri si zaka. Koma tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkawonjezera chifukwa china chokhalira chete, pakuti tsopano ndikanati ndinene, ndinayenera kufotokozanso za dzulo ndi dzana.

Ndege ija inkabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Iwo ankaidziwa ndi kulira kwake. Akakhala pakhomo, ankatuluka n'kuima pafupi ndi mpopi, nkhope kumwamba, mpaka phokoso litazilala. Wailesi yaing'ono ankayenda nayo m'thumba, nthawi ya nkhani ikakwana n'kuiika kukhutu. Chakudya ankangochigwiragwira. Ana anasiya kuseka bambo awo akalowa. Lamulungu loyamba kunali mgonero. Mbale itafika pa iwo anaipatsira woyandikana naye osatengapo. Ine, kumbali ya amayi, ndinachita chimodzimodzi. Pobwerera anandifunsa kuti, "Nanga inu mwalekeranji?" Ndinati ndinali ndisanakonzeke.

Lachinayi ku msonkhano wa amayi anandisankha kuti nditseke ndi pemphero. Ine amene ndinkapemphera mpaka amayi anzanga kutsokomola kuti ndimalize, ndinangoti "Atate wathu wakumwamba" n'kuima. Mawu anakana. Mayi wina anapitiriza, ndipo onse anaganiza kuti ndi chisoni cha azakhali.

Pakhomo loyandikana nafe pankakhala mayi wina wa ku Mangochi, Msilamu, telala, amene ankasokera pakhonde. Tinkatchulana kuti achemwali. Iye sankasiyanitsa wokonza ndege ndi woyendetsa, kapena ankachita dala. Tsiku lina m'mawa ndinangomva, "Odi kuno kwa apayiloti! Achemwali, tandibwerekeniko mabatani awiri oyera, mwini malaya wandikhalira pakhonde."

Ndinati ndimubweretsera, koma anali atalowa kale. Ndinatsitsa chitini. Anachilanda n'kuchigwedeza.

"Iii, kulemera chonchi? Mwabisamo golide eti? Ndiye mumatinamiza kuti ndinu anzathu."

Anatsegula. Anatola sipanala ija n'kuiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine. Misozi inali itayamba kale. Anatseka chitseko ndi phazi, ndipo ndinamuuza zonse, iye yekha pa dziko lonse.

"Kaponyeni m'chimbudzi," anatero. "Nkhani ithere pomwepo."

"Nanga munthuyo azingofota chonchija?"

"Ndiye aonetseni, mtima ukhale pansi, mukaponye muli awiri."

"Simukuwadziwa, achemwali. Anatsikapo basi ya kuntchito itanyamuka kale, kubwerera wapansi kukabweza kansanza kopukutira mafuta. Akaiona iyi, apita nayo."

"Ndiye inu munakwatiwa ndi buku la malamulo, osati mwamuna." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Komatu anasaina."

"Anasaina. N'chimene chikuwadya."

Anatenga mabatani ake awiri, n'kundibwezera chitini.

"Ine nzeru zandithera. Ndikakuswalirani, inu pempherani kwanu. Tione amene ayankhidwe msanga."

Masana a tsiku lomwelo ndinamanga sipanalayo pa nsonga ya chitenje n'kupita kuchimbudzi kuseri kwa nyumba. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka wina anagogoda. Ndinaona kuti ndikaiponya, palibenso munthu pansi pano amene adzawatsimikizire kuti m'ndege muja mulibe kanthu. Adzakalamba akuyang'ana kumwamba. Kuisunga sindikanatha, kuitaya sindikanatha, kuipereka ndinkaopa. Ndinabwerera nayo m'chitini.

Loweruka lachiwiri, kutatsala masiku awiri kuti oyendera afike, amuna anga anakhala pakhonde akuyang'ana manja awo.

"Dzulo ndinamanga nati imodzi katatu," anatero. "Ndamanga, ndachoka, ndabwerera, osakumbuka ngati ndamanga. Mnzanga anachita kundilanda chida, akuti achimwene kapumeni, manja akunjenjemera. Zaka zonsezi, mayi, palibe anandilandapo chida."

Mawu amenewo anandilasa kuposa ena onse. Ndege imene ankaiopera inalibe vuto, ine ndinkadziwa. Koma manja onjenjemerawo ankagwira ndege zina tsiku ndi tsiku, ndipo amene ankawanjenjemeretsa ndinali ine.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi ndinatumiza ana kwa achemwali aja. Ndinatsitsa chitini, ndinagwada, n'kuika sipanala m'dzanja la amuna anga. Anaitembenuza, anawerenga nambala, n'kuyendetsa chala chachikulu kukamwa kwake mpaka chinapeza kachipsera kaja.

"Inali kuti?"

"M'chitini cha mabatani. Mwana ankaililira, ndiye sindinaike pa sosala."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Loweruka la maliro."

"Ndiye pamene ndinkakuuzani zija..."

"Ndinkadziwa, bambo."

Ndinadikira kuti akalipe. M'malo mwake anatsamira khoma n'kutseka maso. "Mulibe," anatero. "M'ndege mulibe. Zikomo Ambuye, mulibe." Anayamba kuseka, kuseka kosakhala bwino, mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'ndevu. Kenako anafunsa ngati mbatata za m'mawa zinatsalako. Anadya zonse, ndi tiyi makapu awiri. Ine ndinkangoyang'ana, mtima ukuyamika ndiponso ukuopa.

Atapukuta manja anati, "Mundisitire malaya oyera aja."

"Bambo, musapite nayo."

"Ndipita nayo."

"Mwaiona, mtima wakhala pansi. Palibe amene wafa. Zatha. Mukufunanso chiyani?"

"M'bokosi muja muli ina ya nambala yomweyi. Ulendo uno yapezeka m'mabatani. Mawa wina adzataya yake mu injini, akapitawo adzathamangiranso kusitolo, chifukwa ulendo woyamba zinayenda. Tsiku limenelo sipadzakhala chitini."

"Ndiye dikirani oyendera apite kaye."

"Akapita ndikauza ndani? Akapitawo?"

"Nanga ana? Nanga anzanu aja, mabanja onse aja?"

Apa anaweramitsa mutu. Ndinaganiza kuti ndawagonjetsa.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Zimenezo sindikudziwa. Koma oyendera akandifunsa ngati siginecha iyi ndi yoona, ndiyankha chiyani? Ndinanama kamodzi, mwaona mmene ndakhalira."

Ndinasita malaya aja. Sindinasitepo malaya mochedwa ngati tsiku limenelo.

Lolemba anapita ndi basi ya kuntchito, ndipo anabwera masana pa minibasi. Chidindo anasiya konko. Anandiuza kuti anapempha kuonana ndi oyenderawo pamodzi ndi a boma, n'kuika sipanala ziwiri patebulo. Mmodzi wa akunjawo anawathokoza, n'kuwagwira dzanja, kenako n'kulemba zonse m'buku lake. Kuthokozako sikunasinthe lamulo. Laisensi anaiimitsa. Akapitawo anachotsedwa ntchito. Chilolezo chokonza ndege zakunja anachigwira miyezi ingapo, mpaka galajayo itasintha kawerengedwe ka zida, ndipo pa miyezi imeneyo ntchito inachepa, anthu ena anauzidwa kuti adikire kunyumba.

Ena mwa anthuwo ankakhala ku Area 25 komweko. Msika wathu unali umodzi, chigayo chimodzi. Mkazi wa mmodzi wa iwo, amene tinkaphikira limodzi pa maukwati, anandipeza ndikusankha tomato.

"Moni akazi a oyera mtima," anatero mokweza. "Kwanu mukudya chilungamo, eti? Mutigawireko, kwathu ana akufuna ndiwo."

Ndikanati chiyani? Mwamuna wake sanalakwe kanthu. Ndikanaika sipanala pa sosala, palibe chikanachitika. Ndikanalankhula Lachitatu lija, mwina zikanapepukako, mwinanso ayi. Kusamuka sitikanatha, kopita kunalibe. Ndinayamba kupita kumsika dzuwa lili paliwombo, pamene anthu achepa, ndipo kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo.

Amene anatigwira dzanja anali achemwali aja. Mlongo wawo anali ndi galaja ya maminibasi ku Mchesi, pansi pa mtengo, ndipo anawalandira amuna anga. Kumeneko anawatopetsa anthu. Poweruka ankayala zida zonse pa katoni n'kumawerenga, ena akudikira kuti atseke. Mwini galaja ankati, "Abwana, minibasi siuluka. Sipanala ikagwera mu injini tiimva ikulira pa siteji ya Biwi, tiima, tichotsa." Iwo ankaseka nawo, koma osasiya kuwerenga. Ankabwera atada mafuta mpaka m'zigongono, ndipo ankadya, n'kugona tulo ngati mwana. Ana sanasiye sukulu. Panyumba sanatithamangitse. Ndikaganiza za chaka chimenecho ndimangoti Mulungu ndi wabwino, chifukwa mwa nzeru zanga sindingafotokoze mmene tinadutsira.

Za masiku khumi ndi limodzi amene ndinakhala chete sanazitchulenso, ndipo kusatchulako kunkandilemera. Tsiku lina ndikuwathirira madzi osamba m'manja ndinati, "Bambo, simunandikalipire."

"Pa chiyani?"

"Mukudziwa."

Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Ine ndinasaina, inu munakhala chete. Tonse tinkaopa chinthu chimodzi. Ndikakukalipirani, nanenso ndani andikalipire?"

Kalata inabwera patadutsa chaka ndi miyezi. Mwana wamkulu ndi amene anandiwerengera, pakuti inali ya Chingerezi. Galaja inkawaitana kuti abwerere, popeza manja awo ankafunika. Koma laisensi ayi. A boma anati munthu amene anasainira chinthu akudziwa kuti si choona ayenera kudikira zaka, n'kuyambanso mayeso pachiyambi. Amuna anga anawerenga zaka zawo, anayang'ana mabuku awo a mayeso pa shelefu, n'kunena kuti mutu sungathenso. Laisensi imene tinaipempherera zaka zonse zija siinabwerenso. Anabwerera kukagwira zida monga ankachitira ali mnyamata, ndipo akamaliza ntchito ankaima pambali, wina n'kubwera kudzaona ndi kudinda. Anagwira choncho mpaka anapuma pantchito.

M'mawa wa tsiku loyamba kubwerera, ndikuwapatsira chakudya cha masana m'kontena, ndinawafunsa kuti nanga tsopano azisaina ndani.

"Wina amene ndinamuphunzitsa ndekha," anatero. "Anabwera osadziwa ndi kugwira sipanala komwe."

"Sizikupwetekani?"

"Zikupweteka." Anamanga zingwe za nsapato, n'kuimirira. "Koma ndi wosamala. Sangandisainire chinthu asanachione, ngakhale ndine mphunzitsi wake."

Ndinawaperekeza mpaka pangodya ya mpanda. Basi inali itaima kale kumsewu, ndipo ena mwa amene anakhala pawindo anatembenukira kumbali. Iwo anakwera, n'kukhala pampando wakutsogolo umene unali wopanda munthu.